Voti ya Malemu Kamtedza

"Nanga bokosi lachiwirili ndi la yani?"

Dorika Kamtedza anafunsa ataima pakhomo la siwa, maso ali pa mabokosi awiri amene anali atangotsitsidwa pabwalo. Wakufa anali mmodzi, bambo ake, a Lifeyo Kamtedza, amene anatsirizika m'mawa wa tsiku lomwelo.  Amayi a kwaya anayang'ana m'mabuku awo a nyimbo. Amuna anayang'ana nsapato zawo, ndipo amene analibe nsapato anayang'ana za anzawo.

Bokosi lina linali lopaka vanishi, la zogwirira zonyezimira, ndipo pachivundikiro pake panali chithunzi cha ambulera, chizindikiro cha Olemekezeka a Wiskoti Kamimba, phungu wa dera la Tagonja Kumtunda. Linalo linali loyera, la kagalasi koonera nkhope, lokhala ndi chithunzi cha lichero, chizindikiro cha Olemekezeka mayi Egnesi Kamlomo, phungu wa Tagonja Kumunsi. Madalaivala onse awiri sanazimitse magalimoto, kuti mtembo ukangolowa m'bokosi asataye nthawi.

Mu Ufumu wa Zidzakonzedwa, phungu kugula bokosi si zachilendo. Imeneyo ndiyo ntchito yake, ndipo ambiri sadziwa kuti pali inanso. Chachilendo chinali choti aphungu awiri alimbirane a Lifeyo, munthu amene ali moyo phungu aliyense ankamukankhira kwa mnzake.

Kale Tagonja linali dera limodzi, looneka ngati mkeka woyala bwino, lochokera kuphiri mpaka kumtsinje wa Kokola. Malire a madera m'ufumuwo sangolembedwa papepala ayi, amachita kudzalidwa. Antchito a Bwalo la Khonje amadzala mzere wa khonje, ndipo pamene khonje wadutsa ndi pamene dera lathera. Phungu woyamba, a Kamimba aakulu, atakuwizidwa ndi amayi ogulitsa matemba, khonje anazulidwa nkudzalidwanso mokhota, msika nkutsala kunja. Chisankho chotsatira aphunzitsi a pasekondale anafunsa mafunso pamsonkhano. Sukulu nayo inatsala kunja, kupatula bwalo la mpira, poti ndi pamene phungu ankachititsira misonkhano.

Kenako Mfumu Yaikulu inasainira Lamulo la Ogona. Lamulolo limati munthu akafa sachotsedwa m'kaundula wa ovota, chifukwa kutero nkuchitira mwano makolo. Amavota m'dera limene muli manda ake. Popeza sangayende kukaima pamzere, voti yake imapita kwa phungu amene ali pampando, pokhapokha wakufayo atalemba kalata yodandaula. Mpaka lero palibe kalata imene yafika.

Kuyambira pamenepo khonje anayamba kuthawa amoyo nkumathamangira manda. Ankalambalala midzi yathunthu nkukakumbatira kankhalango ka manda kutsidya kwa dambo. Mkeka uja unasanduka matumbo a mbuzi m'beseni. A Kamimba aakulu atamwalira, mphwawo Wiskoti ndi mkazi wawo wamng'ono Egnesi anakanganirana mpando, ndipo Mfumu, posafuna kukhumudwitsa anamfedwa, inadula deralo pawiri monga amagawira zovala za malemu.

A Lifeyo anali okhoma zidebe ndi mbaula. Kwa zaka makumi atatu, pamsonkhano uliwonse wa ndale ankaimika dzanja nkufunsa funso limodzi lokha: "Mlatho wa pa Kokola uja uli pati?" Mkazi wawo, mayi ake a Dorika, anamwalirira pamachira m'mbali mwa mtsinjewo chaka china cha mvula yambiri, anthu akudikira kuti madzi aphwe awoloke nawo kupita kuchipatala. Anaikidwa kumanda a Kumtunda, ndipo chiikidwireni avotera a Wiskoti kanayi osaphonya.

Chifukwa cha funso lija, nyumba ya a Lifeyo inasamutsidwa kasanu ndi kawiri popanda kusuntha njerwa ngakhale imodzi. Potsiriza Bwalo linadutsitsa khonje pakati pa nyumba yogona ndi kashedi kamene ankakhomeramo zidebe. Nyumba inagwera Kumunsi, kashedi Kumtunda. A Kamimba anati munthu amakhala kumene amagona. Mayi Kamlomo anati ayi, munthu amakhala kumene amagwira ntchito. Dzina la a Lifeyo linasowa m'makaundula onse awiri. Tsiku lovota likafika ankavala jekete, kukaima pamzere wa Kumtunda nkubwezedwa, kukaima wa Kumunsi nkubwezedwanso, kenako nkubwerera kunyumba kudzakhoma ndowa mwamphamvu kuposa masiku onse.

Chaka chimene a Lifeyo anamwalirachi Mfumu Yaikulu Khalapompo Wachitatu inaona kuti mipando m'Nyumba ya Malamulo yachepa, moti aphungu ena ankagona ali chiimire. Inalamula kuti madera awiri a Tagonja aphatikizidwenso, ndipo la anthu ochepa limezedwe ndi la anthu ambiri. Atawerenga amoyo ndi ogona, madera awiriwo anafanana ndendende. Imfa za ena sizinkasintha kanthu, poti wakufa ankangochoka patsamba lina la kaundula nkupita patsamba linzake. Munthu yekhayo amene anali asanawerengedwe anali gone pamphasa m'nyumba muja.

A Kamimba anayandikira Dorika atavula chipewa.

"Pepa, mwana wanga. Bambo ako anali mzati wa dera langa. Tsiku lonse ankakhala m'kashedi kaja, Kumtunda. Munthu amakhala kumene amagwira ntchito."

"Musamunamize mwanayu, Olemekezeka anzanga," anatero mayi Kamlomo akupukuta m'maso mouma. "Munthu amakhala kumene amagona. Panopa ndiye agoneratu. Ndi anga."

"Mawu amenewa si aja munkanena mosinthana chaka chatha?" anafunsa Dorika.

"Ndale zimakula, mwana wanga," anatero a Kamimba.

 M'makutu mwa Dorika munali mawu amene bambo ake anamuuza dzana lake, atamugwira dzanja ndi zala zawo zokakala zija: "Dorika, anthu awa ndawakana zaka makumi atatu ndili chiimire. Usalole ndidzawavomere nditagona. Amako okha akwanira."

Nthawi yomweyo a Sandalamu, mkulu wa adzukulu okumba manda, anatuluka m'nyumba atanyamula bango limene anali atangoyezera kutalika kwa mtembo.

"Tikakumbe kuti, mayi? Kunoku kukutentha. Mawa likamafika pamutu dzuwa akhale atagona."

"Tandibwerekani bangolo, a Sandalamu."

"Bango la maliro sayenda nalo mwa anthu amoyo."

"Ndikupita nalo ku Bwalo la Khonje."

A Sandalamu anaganiza pang'ono nkumupatsa. "Kumeneko lingapite."

Dorika anakwera kabaza kulowera ku Dikirani, likulu la ufumuwo. Msewu wake ndi wowongoka, koma anadutsa khonje kakhumi ndi kamodzi. Wakabaza anati iye anasiya kuwerenga kalekale, amangodziwa kuti wasintha dera akaona kuti maenje a mumsewu asintha kuya.

Ku Bwalo anapeza a Bonifesi Mlauzi, Mkulu Woyang'anira Kukhota kwa Malire, atakhala pansi pa mapu aakulu ojambulidwa ndi pensulo. Pambali pa mapuwo panalendewera labala womangidwa pachingwe, wotha mbali zonse. Dera la Tagonja linali litafufutidwa kambirimbiri moti pepala linabooka, ndipo pamene panayenera kukhala nyumba ya a Lifeyo pankaoneka khoma.

"Bwana, bambo anga amwalira."

"Tamva, mayi, ndipo tonse takhudzidwa. A Kamtedza atipatsa ntchito zaka zambiri. Ena muno anakwezedwa pantchito chifukwa cha iwo."

"Sakufuna kuvotera a Kamimba. Sakufunanso kuvotera mayi Kamlomo."

"Alembe kalata."

"Amwalira, bwana."

"Nchifukwa chake lamulo likuwalola kulemba. Akanakhala amoyo sitikanailandira."

Dorika anatsamiritsa bango pakhoma. Anali telala, ndipo ntchito yake inamuphunzitsa kuti kasitomala wodzitama umangomusiya alankhule, mapeto ake amakuuza yekha pamene malaya akumuthina.

"Nanga ndikawaika pakhomo pompo, kuseri kwa nyumba?"

"Kumeneko ndi Kumunsi. Ndipo a Kamimba akadandaula, khonje adzabwera kudzawatenga. Khonje wathu amanunkhiza manda, mayi."

"Ndikapita nawo kutali, kudera lina?"

"Kulikonse kuli phungu."

"Ndiye kuti m'ufumu wonse uno mulibe malo opanda phungu?"

A Mlauzi anakhumudwa. Anaimirira nkukoka jekete lawo. "Mayi, ngakhale pamene pangakwane phazi la nkhuku pali phungu wake. Bwalo lino silinasiye malo."

"Nanga pamene pamera khonje weniweniyo?"

"Pamenepo si malo. Ndi malire."

"Phungu wake ndani?"

"Malire sakhala ndi phungu. Akanakhala naye bwenzi ali dera, ndiye pakanafunikanso malire ake."

"Zoona, bwana. Ndiye ayenera kuti ndi opyapyala kwambiri."

"Opyapyala?" A Mlauzi anatsegula chibuku cha chikuto chakuda. "Mikono iwiri m'lifupi, mwalamulo. Ndipo tsinde lililonse la khonje lili ndi nambala yake, yokhomedwa pa kachitsulo. Tili ndi matsinde zikwi makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi chimodzi. Sitiwonjezera, sitichotsera. Tikafuna kusuntha malire timazula omwewo nkukadzala omwewo, mwa ndondomeko ya manambala. Sitidzala watsopano wakale asanazulidwe. Tikanatero bwenzi tili ndi malire awiri, ndipo ufumu wa malire awiri ndi chipwirikiti."

"Ndiye tsinde limodzi litakanika kuzulidwa?"

"Mzere wonse ungaime pomwepo mpaka kalekale. Koma sizinachitikepo. Tili ndi makasu abwino."

Dorika anayang'ana bango lija. Kutalika kwa bambo ake anali nako m'manja. Mapewa awo ankawadziwa pamtima, poti jekete lovotera lija anasoka ndi iye, ndipo sankafika mikono iwiri.

"Zikomo, bwana. Mwandithandiza."

"Musauze anthu," anatero a Mlauzi. "Angayambe kubwera."

Pobwerera anatsikira pamsika. Chiutayireni kunja, msikawo unakhala ukuponyedwa uku ndi uku mpaka unagwera m'dera lina lakutali, ndipo phungu wake anali asanaupeze. Anthu ake ankati sanaonepo kusiyana.

"Tamva kuti bambo ako akula mtengo lero," anatero mayi Felesiya ogulitsa matemba. "Mabokosi awiri! Ali moyo sankawapatsa ngakhale tisheti."

"Ine ndikadzafa adzandiike chopingasa," anatero wogulitsa makala. "Mutu kwa ambulera, miyendo kwa lichero. Aliyense adzavoteredwe theka."

"Iwe mutu ulibe. Mmodzi adzaluza," anatero mayi Felesiya.

Dorika anadikira kuti amalize kuseka, kenako anawauza zimene ankafuna.  Akalipentala awiri anadzuka, nkupita pa benchi limene a Lifeyo ankayalapo ndowa ndi mbaula zawo, nkuyamba kulizula misomali. Matabwa ake anali akuda ndi dzuwa ndiponso mafuta a m'manja, koma anali olimba. Anayeza ndi bango lija. Anzawo okhoma zidebe anapinda malata nkupanga zogwirira.

"Pachivundikiro tijambulepo chiyani?" anafunsa mmodzi.

"Musajambulepo kanthu," anatero Dorika.

"Chipani chimenecho ndilowa nawo," anatero mayi Felesiya.

A Sandalamu ndi amene anavuta. Atamva kumene ankayenera kukumba, anakhala pansi nkuvula chipewa.

"Mayi, ine ndakumba manda zaka zambiri. Munthu amagona pafupi ndi mkazi wake. Malo tinawasungira pambali pa amayi anu, ndinaikapo mwala ndi manja angawa."

Dorika ankaudziwa mwalawo. Chaka chilichonse akapita kukalambula pamanda a mayi ake ankausesa pamwamba. 

"Akagona pamenepo, a Sandalamu, adzavotera munthu amene sanamange mlatho. Onse awiri, chisankho chilichonse, atagona moyandikana."

A Sandalamu anakanda m'mutu nthawi yaitali.

"Mukudziwa kuti chomera pamanda sichizulidwa?"

"Ndikudziwa."

"Ayi, ndimangofunsa," anatero akuvala chipewa. "Mawa m'mamawa tibwera ndi chingwe. Manda ake afunika owongoka."

Kutacha aphungu aja anabweranso, aliyense ndi kwaya yake ndi chimkuzamawu chake. Dorika anatuluka, nagwada mwaulemu monga mwana woleredwa bwino.

"Olemekezeka, zonse zakonzeka. Kadikireni kumanda."

A Kamimba anamwetulira nkupita kumanda a Kumtunda. Mayi Kamlomo anamwetulira nkupita kumanda a Kumunsi. Aliyense anakakhala pansi pa tenti yake, pafupi ndi dzenje lake, akubwereza chamumtima mawu oyamikira malemu.

Kunyumba adzukulu anakoka chingwe pakati pa nyumba ndi kashedi. Anazula matsinde anayi a khonje mosamala, dothi lili kumizu, nkuwandandalika pamthunzi motsata manambala. Anakumba motsata mzerewo, osapatukira Kumtunda ngakhale ndi chala, osapatukira Kumunsi. A Lifeyo anatsitsidwa atavala jekete lawo lovotera, m'bokosi la matabwa a benchi lawo. Amayi a kumsika anaimba nyimbo ziwiri. Dorika anaponya dothi, ndipo kamodzi kokha anatembenukira kumene kunali manda a mayi ake, kuseri kwa zitunda, nkunena kanthu kamene palibe anakamva. Atakwirira, a Sandalamu anadzalanso matsinde anayi aja pamwamba pa mtumbira, lililonse pamalo pake, nathirira madzi ndi ndowa imene malemu anakhoma okha.

Aphungu aja anafika dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu, aliyense atatenga antchito a Bwalo la Khonje ndi makasu awo.

"Zulani!" anakuwa a Kamimba. "Mudzale mbali iyo, manda agwere kwanga!"

"Zulani!" anakuwa mayi Kamlomo. "Mudzale mbali inayo!"

Aka kanali koyamba chigawanireni dera kuti awiriwa agwirizane pa mawu amodzi. Antchito aja anayandikira, nayang'ana mtumbira, nayang'ana khonje wonyowa uja. Kapitawo wawo anatsitsa khasu.

"Olemekezeka, ife tazula khonje m'minda ya anthu. Tazula pakhomo la tchalitchi. Kwina tinazula m'khitchini mayi akuphika. Koma pamanda ayi. Khasu ili, zulani nokha."

A Kamimba anayang'ana khasulo nkukumbukira kuti ali ndi vuto la msana. Mayi Kamlomo anati iwo ndi mayi wa Mvano. Kenako anayamba kukangana kuti mtembo wapendekera kuti. A Sandalamu anawaonetsa chingwe.

"Munthuyu sanapendekerepo ali moyo," anatero. "Ife tangomutsatira."

Madzulo magalimoto awiri aja anabwerera ndi mabokosi awo. Anthu a m'midzi ya m'njira, poona mabokosi opanda eni akudutsa, analowetsa nkhalamba zawo m'nyumba.

Bwalo la Khonje linakhala pansi masabata atatu. Linaitanitsa bango lija ngati mboni. Linatumiza nthumwi kukafunsa malemu ngati ali ndi chonena, ndipo nthumwizo zinabwerako ndi lipoti la masamba makumi awiri. Nkhani inakwera mpaka kwa Mfumu Yaikulu. Masiku onsewo Dorika ankapalasa makina ake pakhonde la sitolo ya pamsika, akusoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo madzulo ankapita kukathirira khonje. Sankagona bwino. Ankadziwa kuti m'ufumu umene nyumba imasamuka osasuntha, manda nawonso angathe kusamutsidwa ndi pensulo.

Tsiku la msika, cha m'ma teni, galimoto ya Bwalo inaima pafupi ndi ogulitsa matemba. A Mlauzi anatsika, nakwera pa thumba la makala la munthu, natambasula pepala la chidindo chofiira. Dorika anaimitsa makina, koma phazi lake silinachoke pachopondera.

"Tamverani mawu a Mfumu Yaikulu Khalapompo Wachitatu, Mwini Khonje, Wokhota Mowongoka! Choyamba: madera a Tagonja Kumtunda ndi Tagonja Kumunsi akhala monga alili, ndipo aphungu ake azisinthana mpando umodzi, wina kugona m'mawa, wina masana."

"Apo ndiye chitukuko," anatero mayi Felesiya.

"Chachiwiri: malo a mikono iwiri m'lifupi ndi bango limodzi m'litali, amene ali pakati pa nyumba ndi kashedi ka malemu, kuyambira lero ndi dera palokha. Dzina lake ndi Tagonja Pakati. Chachitatu: phungu wa dera limeneli ndi Olemekezeka a Lifeyo Kamtedza."

 Wogulitsa makala anawerenga ndi zala, milomo ikugwedera.

"Ndiye kuti azidzivotera okha," anatero.

Dorika anachotsa phazi pachopondera. Anapeza kuti wagwira kukamwa ndi yunifolomu ya mwana wa eni ake, ndipo sanadziwe ngati chimene ankabisacho chinali kulira kapena kuseka.

A Mlauzi anatembenuza pepala, natsokomola.

"Chachinayi ndi chotsiriza: mlatho umangidwa m'dera la Tagonja Pakati. Ntchito iyamba Lolemba."

Anapinda pepala lija kanayi, nalilowetsa m'thumba la jekete, natsika pa makala nkukwera galimoto.